Makina opopera utoto pansi pa nyumba: zomwe wosainira malipiro ayenera kudziwa

Makina a matayala opopera utoto ndi mankhwala olimbitsa pansi pa nyumba amatha kumaliza m'maola ochepa ntchito yomwe amisiri a bulashi angaithere masiku angapo, koma liwiro limeneli silitsimikizira kuti pansipo pakhalitsa. Makinawa amafulumizitsa ntchito yabwino ndi yoipa yomwe, ndipo pa tsiku lopereka nyumba kwa eni ake ntchito ziwirizi zimanyezimira mofanana.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma omwe amalemba matenda, kuyendera zomangamanga ndi kusainira malipiro a makontirakitala. Pansi pa chipatala, pa labotale, pa nyumba yosungiramo mankhwala kapena pa nyumba yosungiramo chimanga sipapakidwa utoto pofuna kukongoletsa chabe. Konkire yosakutidwa imatulutsa fumbi, imamwa mafuta, magazi ndi madzi oipa, ndipo imavuta kuitsuka. Utoto ukayamba kusupuka patangotha miyezi yochepa, boma silitaya ndalama za utoto zokha: mashelefu amayenera kusamutsidwa, chipinda chimatsekedwa kwa sabata kapena kuposerapo, ndipo ntchito yopala utoto wakalewo imadya ndalama zomwe sizidali mu bajeti.

Makina ofala kwambiri pa ntchitoyi ndi omwe amatchedwa airless. Amakhala ndi pampu yoikidwa pa ngolo ya matayala awiri, yoyendetsedwa ndi magetsi, injini ya petulo kapena mpweya wa kompuresa. Pampuyo imayamwa utoto kuchokera m'ndowa kapena mumgolo, n'kuudutsitsa mu sefa, kenako n'kuukankhira m'paipi yolimba mpaka kukafika pa mfuti yomwe mmisiri amagwira m'manja. Kumapeto kwa mfutiyo kumakhala kabowo kakang'ono komwe nthawi zambiri sikafika milimita imodzi. Utoto ukakankhidwa mwamphamvu kudutsa pa kabowoko, umaphwanyika kukhala timadontho tosaoneka bwino ndi maso, ndipo umagwera pansi motambasuka ngati mchira wa nkhunda. Dzina loti airless lidabwera chifukwa utotowo susakanizidwa ndi mpweya pouwaza monga zimakhalira ndi mfuti zopentera galimoto.

Mphamvu yokankhira utotoyi imayezedwa mu ma bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pa ma bar awiri kapena kuposerapo pang'ono, pomwe makina a airless amafika ma bar 200 ndi kupitirira. Mphamvu imeneyi ndiyo imachititsa kuti utoto wolemera, womwe mfuti wamba singautulutse, uthe kuwazika bwino. Ndiyonso gwero la ngozi yaikulu ya makinawa.

Timabowo ta mfuti timakhala ndi manambala, ndipo woyendera ntchito akhoza kuwawerenga yekha. Mwachitsanzo, pa kabowo kolembedwa 517, nambala yoyamba ikachulukitsidwa kawiri imapereka kutambasuka kwa utoto, komwe ndi mainchesi 10, mfuti ikakhala pa mtunda wa masentimita pafupifupi 30 kuchokera pansi. Manambala awiri otsalawo amasonyeza kukula kwa kabowoko, komwe ndi magawo 17 mwa magawo 1,000 a inchesi. Kabowo kamaperepeseka ndi ntchito. Kakakula, utoto umatuluka wambiri koma wosatambasuka, choncho ndowa zimatha msanga pomwe pansi pakutsala mizere.

Kupopera utoto kudayambira ku America. Mbiri ya ntchitoyi imatchula Joseph Binks, yemwe m'chaka cha 1887 adapanga kachipangizo kopopera laimu m'zipinda zapansi za sitolo ya Marshall Field mumzinda wa Chicago. Njira ya airless idafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ina mwa makampani omwe adaitchukitsa ndi Graco ya ku Minneapolis, yomwe idayamba mu 1926, komanso Wagner ya ku Germany. Mankhwala omwe amapoperedwawo ali ndi mbiri yawo. Otto Bayer adatulukira polyurethane ku Germany mu 1937, pomwe epoxy idachokera mu ntchito ya akatswiri monga Pierre Castan wa ku Switzerland ndi Sylvan Greenlee wa ku America m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940.

Si makina onse a matayala omwe ali a mphamvu chotere. Alipo ena okhala ndi thanki ndi pampu yofooka, ofanana ndi opopera mbewu kumunda, omwe amawaza mankhwala amadzimadzi pa konkire yongothiridwa kumene kuti isaume msanga n'kung'aluka, kapena mankhwala a silicate omwe amalowa m'konkire n'kuilimbitsa pamwamba kuti isamatulutse fumbi. Ena ndi ojambulira mizere: mfuti imamangiriridwa pambali pa ngolo, ndipo mmisiri amangokankha ngoloyo kutsata chingwe posonyeza njira ya forklift, malo oimika galimoto kapena malire a bwalo la masewero.

Okwera mtengo kwambiri ndi makina a mankhwala awiri. Mankhwala monga polyurea amabwera m'migolo iwiri yosiyana ndipo akangokumana amalimba m'masekondi ochepa, kotero sangasakanizidwe m'ndowa. Makinawa amakhala ndi mapampu awiri omwe amatenga mlingo woyenera kuchokera mumgolo uliwonse, amatenthetsa mankhwalawo kupitirira madigiri 60, n'kuwayendetsa m'mapaipi osiyana mpaka kukakumana pa mfuti penipeni. Amafuna magetsi ambiri ndi mmisiri wophunzitsidwa bwino. Mlingo ukaphonyeka pang'ono, pansi pamakhala pomata mpaka kalekale kapena pamauma n'kumathetheka.

Pali ntchito zambiri za pansi zomwe makina opopera sayenera konse, ndipo tenda yomwe imalamula kupopera pena paliponse imangokweza mtengo. Epoxy yokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, ya mtundu womwe umaikidwa m'malabotale ndi m'mafakitale, imathiridwa pansi n'kuyalidwa ndi chitsulo cha mano, kenako rola ya minga imadutsa pamwamba kuchotsa thovu. Mu ofesi wamba kapena m'kalasi, nthawi yomata mapepala pa makoma, pa mawindo ndi pa zitseko kuti zisadetsedwe, kuphatikiza nthawi yotsuka makina pomaliza, imaposa nthawi yomwe amisiri awiri a rola akadatha. Makina amaonetsa phindu lake pa malo aakulu opanda katundu: nyumba zosungiramo katundu, maholo, malo oimika galimoto ndi makhonde aatali. Ngakhale kumeneko, amisiri odziwa ntchito amadutsanso ndi rola pambuyo pa wopopera pa utoto woyamba, kuti ulowe bwino m'timaenje ta konkire.

Chinthu choyamba chomwe wosainira malipiro ayenera kufunsa ndi kukhuthala kwa utoto, chifukwa ndi pamene ndalama zimasowera mosaoneka. Utoto wopyapyala ndi wokhuthala umaoneka chimodzimodzi ukangouma. Kusiyana kwake kumadzaonekera pomwe matayala a matolole ndi nsapato za anthu zayamba kudutsapo. Muyezo wa ku Britain wa BS 8204-6 umagawa zokutira pansi za mtunduwu m'magulu asanu ndi atatu, kuyambira zopyapyala zosaposa milimita 0.15, zoyenera malo odutsa anthu ochepa, mpaka zokhuthala kuposa mamilimita 6 za m'mafakitale olemera. Tenda yongolemba kuti "pansi papakidwe epoxy" imapatsa kontirakitala ufulu wosankha gulu lotsika mtengo kwambiri, ndipo sangaimbidwe mlandu pa zimenezo.

Masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi ikayalidwa pa sikweya mita imodzi imakhuthala milimita imodzi isadaume. Koma mbali ina ya utoto ndi madzi kapena mankhwala osungunulira omwe amauluka, ndipo chikalata cha wopanga utoto chimanena kuti ndi magawo angati mwa 100 alionse omwe amatsala ukauma. Tiyerekeze kuti nyumba yosungiramo katundu ndi ya masikweya mita 1,000, mgwirizano ukufuna utoto wouma wokhuthala milimita 0.3, ndipo utotowo umatsala magawo 60 mwa 100 alionse. Pamenepo mmisiri ayenera kuwaza milimita 0.5 ya utoto wauwisi, zomwe ndi malita 500, kapena kuti ndowa 25 za malita 20. Apa sitidawerengere utoto wouluka ndi mphepo, wotsalira m'mapaipi ndi womwedwa ndi konkire, womwe umawonjezera ndowa zina zingapo. Ngati pa malo a ntchito padafika ndowa 15 zokha, utoto wouma sungapose milimita 0.18, kaya makinawo ndi amakono chotani.

N'chifukwa chake kuwerenga ndowa zotsekedwa pofika ndi ndowa zopanda kanthu pomaliza ndi njira yodalirika yomwe sifuna digiri ya uinjiniya. Palinso kachitsulo ka mano ngati chipeso komwe kamaikidwa pa utoto wauwisi n'kusonyeza kukhuthala kwake nthawi yomweyo, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ndowa imodzi ya utoto. Mchitidwe wothira thinner wambiri kuti utoto udutse mosavuta m'makina aang'ono umachulukitsa malita koma umachepetsa zotsala pansi, ndipo opanga utoto amalemba malire a zomwe zingathiridwe.

Komabe utoto wambiri umasupuka chifukwa cha zomwe zili pansi pake. Konkire ikamauma, pamwamba pake pamatsala kachikopa kosalala koma kofooka. Utoto ukamatirira pa kachikopako, umadzachoka nako limodzi. Choncho pansi pamayenera kupalidwa ndi makina a mano a diamondi kapena kuwombedwa ndi timipira tachitsulo mpaka pakhale pokhakhala ngati sandipepa, fumbi lonse n'kuyamwidwa. Kusesa ndi tsache kapena kukolopa sikokwanira. Pa ntchito zambiri kukonza pansi kumatenga nthawi yaitali kuposa kupopera kwenikweniko, ndipo kontirakitala yemwe pa mndandanda wa mitengo yake palibe gawo limeneli amakhala atanena kale komwe adzadumphe.

M'dziko muno muli vuto lina lomwe limachokera ku ukhondo womwe. Nyumba zambiri za boma zakhala zikupakidwa polishi wofiira kapena wakuda kwa zaka zambiri, ndipo phula la m'polishiyo limalowa m'konkire. Utoto wa epoxy sugwira pa phula, monganso sugwira pa oilo wa m'magalaja. Pansi potere pamafunika kutsukidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta ndi kupalidwa mozama. Njira yophweka yodziwira ndi kudontheza madzi pamalo angapo. Akalowa pansi n'kudetsa konkire, ndiye kuti utoto nawo ulowa. Akangokhala timibulu pamwamba, phula kapena mafuta akadalipo.

Chinyezi ndiye mdani wina. Konkire yatsopano imapatsidwa masiku osachepera 28 isadakutidwe, ndipo yokhuthala imafuna nthawi yoposa pamenepa kuti iume mkati. Opanga utoto ambiri amafuna kuti chinyezi cha konkire chisapose magawo 4 mwa 100 alionse. Pomwe palibe chida choyezera, amisiri amamata pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse zinayi pansi ndi tepi, n'kuisiya maola osachepera 16. Kunsi kwake kukapezeka mame kapena konkire ikada, pansipo sipadakonzeke. Muyezo umenewu umathandiza kukana ntchito, koma pulasitiki youma yokha siyokwanira kuvomerezera ntchito yaikulu ya ndalama zambiri. Nyumba yomwe idamangidwa popanda pulasitiki yotchinga chinyezi kunsi kwa konkire imakoka madzi a m'nthaka chaka chilichonse dzinja likafika. Utoto wosalola nthunzi kudutsa ukaikidwa pamenepo, pamatuluka matuza odzaza madzi. Kukutira pansi potere m'mwezi wa September, pomwe nthaka yauma, kumangobisa vuto lomwe lidzaonekere mu February.

Kulimba kwa konkire nako kumayezedwa. Kachitsulo kozungulira kamamatidwa pansi ndi guluu n'kukokedwa ndi chida choyezera mphamvu, ndipo opanga ambiri amafuna kuti kasazuke mphamvuyo isadafike 1.5 megapascal. Pansi pomwe padachepa simenti pomanga sipangakonzedwe ndi utoto wa mtundu uliwonse.

Nyengo ya tsiku lopopera ili ndi gawo lake. Lamulo la amisiri ndi loti pansi pakhale potentha madigiri atatu kuposa mlingo womwe mame amayambira kugwa, apo ayi kachinyezi kosaoneka kamakhala pakati pa konkire ndi utoto. M'mawa wa June ndi July kumadera okwera monga Dedza ndi Mzuzu ndi nthawi yofunika kusamala. Kumadera otentha vuto ndi lina. Epoxy ikasakanizidwa ndi mankhwala ake olimbitsa imayamba kugwirana, ndipo mitundu yambiri imapereka mphindi zapakati pa 20 ndi 40 kunja kukakhala kozizirirapo. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawiyi imatsika ndi pafupifupi theka. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe mu October ndi November kutentha kumafika madigiri 40, ndowa yosakanizidwa masana ikhoza kulimba mmisiri asadafike nayo pakati. Magetsi akathima pampu ili yodzaza ndi epoxy yosakaniza kale, mphindi zomwezo ndi zomwe zimatsala kuti mapaipi ndi pampu zitsukidwe zisadasanduke mwala. Jenereta yokwanira mphamvu ya makinawo iyenera kukhala pa malo a ntchito isadatsekulidwe ndowa yoyamba.

Pa chitetezo cha ogwira ntchito, ngozi yomwe anthu ambiri saidziwa ndi ya utoto kulowa m'thupi. Madzi okankhidwa pa ma bar 7 okha amatha kuboola khungu, ndipo makinawa amaposa pamenepa pafupifupi ka 30. Mmisiri akayesa kutsegula kabowo kotsekeka ndi chala, kapena akagwira pomwe paipi ikudontha, utoto umalowa m'chala n'kuyenda m'kati mwa dzanja. Kunja kumangooneka kabala ngati ka singano, ndipo poyamba sikapweteka kwambiri. Wovulalayo amamanga kansalu n'kupitiriza ntchito, pomwe m'kati minofu yayamba kufa. Bala lotere limafuna dokotala wa opaleshoni m'maola ochepa, ndipo kuchedwa kumathera pa kudula chala kapena dzanja. Woperekeza wovulala ayenera kuuza achipatala momveka bwino kuti ndi utoto wa makina a mphamvu womwe walowa, ndi kutenga chikalata cha mankhwalawo, chifukwa kabalako pakokha kakhoza kunyenga ngakhale wachipatala yemwe sadakumanepo nako.

Mpweya nawo umaipa. Polyurethane ndi polyurea zili ndi mankhwala otchedwa isocyanate, omwe amadziwika pa dziko lonse kuti amayambitsa mphumu mwa opopera utoto. Thupi likayamba kudana nawo, ngakhale kapweya kochepa kamadzutsa matendawo, ndipo munthuyo sangabwererenso pa ntchitoyi. Kansalu kotchinga fumbi sikateteza ku mankhwalawa. Wopopera amafunika chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Epoxy yosauma imayambitsa ziwengo pa khungu, pomwe fumbi la konkire yopalidwa lili ndi silica yomwe imawononga mapapo pang'onopang'ono. Utoto wa mankhwala osungunulira umatulutsa mpweya wolemera womwe umayenda chapansipansi ndipo ukhoza kuyaka ndi kamoto kakang'ono, choncho makina ndi migolo zimalumikizidwa ku nthaka ndi waya. Injini ya petulo siyenera kulira m'nyumba yotsekedwa kaamba ka utsi wa carbon monoxide. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 lidaika udindo woteteza ogwira ntchito pa olemba ntchito, koma nthambi ya boma yomwe yapereka ntchito m'chipatala chomwe muli odwala ili ndi mbali yakenso: kusamutsa odwala ndi ogwira ntchito m'zipinda zoyandikana, ndi kuonetsetsa kuti fungo silikulowera m'mawodi.

Pansi ponyezimira pakanyowa pamaterera. M'makhonde, m'makhitchini ndi m'zipinda zosambira, mchenga wouma wosefedwa bwino umamwazidwa pa utoto wauwisi, kenako utoto wina n'kuwazidwa pamwamba. Mchenga ukachuluka pamavuta kukolopa, choncho mgwirizano uyenera kunena zipinda zofuna mchenga ndi zosafuna. Pa malo owombedwa ndi dzuwa epoxy imasanduka yachikasu n'kuyamba kufumbutuka, ndipo pamafunika utoto wapamwamba wa polyurethane ya mtundu wopirira dzuwa.

Funso loti nthambi ya boma igule makina ake kapena ilembe kontirakitala limayankhidwa ndi kuchuluka kwa ntchito. Makina a airless amafuna kutsukidwa tsiku lililonse akagwira ntchito, ndipo malabala a m'pampu, masefa ndi timabowo ndi zinthu zomwe zimatha. Zida zimenezi zimachokera kunja, ndipo za kampani ina nthawi zambiri sizilowa m'makina a kampani inzake. Makina ogwira ntchito kamodzi pa chaka amathera m'sitolo ali ouma utoto m'kati. Khonsolo ya mzinda yomwe imajambula mizere ya misewu ndi malo oimika galimoto chaka chonse ili ndi chifukwa chomveka chogulira. Ofesi yofuna kukonza holo imodzi ilibe.

Polemba kontirakitala, mgwirizano ukhoza kufuna kuti ayambe wakuta kagawo kakang'ono ka pansi pomwepo ndi zipangizo zomwe adzagwiritse ntchito, ndipo kagawoko kakavomerezedwa kakhale poyerekezera ntchito yonse. Woyendera ntchito aone pansi patapalidwa utoto usadaikidwe, chifukwa pambuyo pake palibenso choti angaone. Tsiku lotsegulira nyumba nalo liganiziridwe: epoxy yambiri imalola anthu kupondapo pakatha maola 24, koma imalimba kwathunthu pakatha masiku asanu ndi awiri, ndipo mashelefu kapena forklift zikalowa msanga zimasiya zipsera zosachoka. Ndalama yomwe imasungidwa podikira kuona zolakwika isatulutsidwe nyumbayo isadadutse dzinja limodzi lathunthu, popeza matuza a chinyezi amatuluka nthaka ikakhuta madzi.